Agogo, Benchi ndi Ndalama za Misonkho: Mbiri ya Friendship Bench Kufikira ku Midlands

Njanji yochokera ku Harare kupita ku Bulawayo imadutsa pa Kwekwe ndi pa Gweru. Kwa zaka zambirimbiri, munthu wa m'migodi ya chigawo cha Midlands ku Zimbabwe akazungulira mutu, njira yake inali yomweyo: ankamutengera ku Ingutsheni, chipatala cha amisala chimene atsamunda adatsegula ku Bulawayo m'chaka cha 1908. Mayi Lynette Jackson, katswiri wa mbiri yakale amene adafukula mafayilo a odwala a pachipatalachi n'kulemba buku lotchedwa Surfacing Up, adaonetsa kuti amuna akuda ambiri otsekeredwa mmenemo anali anthu a paulendo wofuna ntchito, ena ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Wowatumiza kumeneko kawirikawiri sanali mbale wawo. Anali wapolisi, bwana wa pantchito kapena woweruza milandu. Zofunsa kuti mwana wa munthuyu chamudya mumtima n'chiyani kunalibe. Chachikulu chinali kumuchotsa pamaso pa anthu.

Amuna amenewo ndi athu. Ndi machona aja ankanyamuka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, ena wapansi, ena atalembedwa ndi Rhodesia Native Labour Bureau, bungwe limene anthu ankangoliti Chibaro. Adakathera ku mgodi wa golide wa Globe and Phoenix ku Kwekwe, ku migodi ya chrome ya ku Selukwe komwe lero timati Shurugwi, ku mgodi wa asbestos wa Shabanie ku Zvishavane, ndipo pambuyo pake ku fakitale ya zitsulo ya ku Redcliff. Zidzukulu zawo zikadali komweko. M'makomboni akale gule wamkulu amatulukabe, mizikiti ya Ayao ilipo, ndipo mpingo wa CCAP uli ndi sinodi yakeyake ya Harare. Choncho tikamakamba za thanzi la m'maganizo m'matauni a migodi amenewa, tikukamba za pakhomo pathu, ngakhale pakati pali malire.

Bungwe limene ladzetsa njira ina m'malo mwa ya ku Ingutsheni silidabadwire ku Midlands. Lidabadwira ku Mbare, malo akale kwambiri a anthu akuda mu Harare, komwenso Amalawi adadzazana kuyambira kale. Dzina lake ndi Friendship Bench, ndipo mbiri yake siyambira pa benchi, imayambira pa kafukufuku.

M'zaka za m'ma 1990 kunali madokotala ambiri amene ankakhulupirira kuti matenda a nkhawa ndi kukhumudwa ndi a azungu okhuta, kuti wosauka alibe nthawi yodwala maganizo. Melanie Abas ndi Jeremy Broadhead adapita kukacheza ndi amayi a ku Glen Norah mu Harare, ndipo zotsatira zimene adasindikiza mu 1997 zidaonetsa kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu aliwonse adali atadwalapo nthendayi m'chaka chimodzi chokha. Nthawi yomweyo Vikram Patel, dokotala wa ku India amene ankagwira ntchito pa University of Zimbabwe, ankazungulira m'zipatala zing'onozing'ono ndi kwa asing'anga, kumvetsera mmene odwala eni ake amafotokozera vuto lawo. Ambiri ankati ali ndi kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso. Pa mawu a odwalawo, iye ndi anzake adakonza mafunso 14 otchedwa Shona Symptom Questionnaire.

Mafunsowo ndi osavuta, ndipo Mchewa aliyense angawazindikire. M'sabata yapitayi, kodi mudakhalapo mukuganiza kwambiri? Mumalephera kugona? Mumalota maloto oipa? M'mimba mumapweteka? Mumapsa mtima ndi zinthu zazing'ono? Ntchito zanu zikutsalira m'mbuyo? Mudafikapo pofuna kulira? Mudaganizapo zodzipha? Munthu amangoyankha inde kapena ayi, wofunsa n'kuwerenga ma inde. Kapepala kameneka, kamene kadatenga zaka kuti katsimikizike kuti kamagwiradi ntchito, ndiko kadadzachititsa kuti gogo wosaphunzira za udokotala athe kudziwa amene akufunika thandizo. Kafukufuku wa mtundu uwu saoneka phindu lake tsiku lomwelo. Kadakhala zaka pafupifupi khumi kasanapeze mwini wake weniweni.

Mwini wakeyo adadzakhala Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo amene adaphunzira udokotala ku Bratislava n'kubwerera kwawo kukagwira ntchito pachipatala chachikulu cha boma cha Harare. Madokotala a ntchito yake m'dziko lonse la Zimbabwe sankafika 20, ndipo ambiri anali mu Harare ndi Bulawayo. Iye mwini wakhala akufotokoza poyera, kuphatikizapo pa msonkhano wa TED mu 2017, nkhani imene idamusintha. Mtsikana wina amene ankamuthandiza, wa ku Mutare, adadwalanso ali kwawo. Chibanda adakonza zoti akatuluka m'chipatala a pabanja abwere naye ku Harare. Sadabwere. Patapita masabata, mayi a mtsikanayo adaimba foni kunena kuti mwana wawo wadzipha. Atafunsa chimene adalekera kubwera, yankho lidali lakuti analibe madola 15 a basi.

Chaka chomwecho cha 2005, mwezi wa May, boma la Robert Mugabe lidayamba kugwetsa nyumba ndi misika ya anthu osauka m'matauni onse pa ntchito imene lidaitcha Operation Murambatsvina. Nthumwi ya United Nations, Mayi Anna Tibaijuka a ku Tanzania, idalemba kuti anthu pafupifupi 700,000 adataya pokhala kapena popezera ndalama. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Nanga mdzukulu wa Mmalawi wobadwira m'komboni abwerera kumudzi uti? Chibanda atayendera zipatala za khonsolo ya mzinda wa Harare adapeza anthu ochuluka atasweka maganizo, ndipo adapita kwa akuluakulu a zaumoyo kukapempha anamwino ndi zipinda. Adamuyankha kuti anamwino atanganidwa ndi Edzi, amayi oyembekezera ndi ana, ndipo chipinda chopanda ntchito palibe. Chimene adamupatsa ndi amayi achikulire 14 amene khonsolo inkawagwiritsa ntchito yoyenda khomo ndi khomo kuphunzitsa za ukhondo, ndi malo a panja m'bwalo la chipatala. Umu ndi mmene ntchito idayambira ku Mbare mu 2006.

Poyamba dokotalayo adafuna kuti benchiyo idziwike kuti ndi ya odwala maganizo. Anthu sadabwere, ndipo n'zosadabwitsa: ndani angakhale pampando wolembedwa misala anansi akuona? Agogowo ndiwo adamuuza kuti asinthe dzina, n'kuitcha benchi ya ubwenzi, pamalo pogawana nzeru. Adamuuzanso kuti mawu a m'mabuku ake awasiye ku yunivesite. Njira yochiritsira imene Chibanda ndi katswiri wa za maganizo Ruth Verhey adatenga inali yodziwika kale kunja, yothandiza munthu kumasula mavuto ake limodzilimodzi, koma masitepe ake adatchulidwa m'Chishona cha agogowo: kuvhura pfungwa, kusimudzira, kusimbisa, ndiko kutsegula maganizo, kudzutsa ndi kulimbikitsa.

Zimachitika motere. Benchi ndi ya matabwa, imaikidwa pakona ya bwalo la chipatala, nthawi zambiri pamthunzi, potalikirako ndi mzere wa odikira mankhwala. Tiyerekeze kuti kwabwera mayi amene mafunso aja aonetsa kuti ali ndi vuto. Agogo samuuza dzina la matenda. Amamupempha kuti afotokoze nkhani yake, iwo n'kumamvetsera, mwina ola lathunthu, akulemba m'kope. Mayiyo atchula lendi, atchula bambo a kunyumba amene ndalama zikuthera ku mowa, atchula mwana wothamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, atchula mankhwala a ma ARV amene amamwa mobisa. Akamaliza, agogo amamuwerengera zonse zimene wanena, n'kumufunsa kuti mwa zonsezi ndi liti limene akufuna kuyamba nalo. Apa ndiye pagona luso lonse, chifukwa gogo wa kwathu kuno adazolowera kulangiza, ndipo maphunziro a pa benchi amamuletsa zimenezo. Wosankha vuto ndi mwini wake, woganiza njira ndi mwini wake. Mayi uja akasankha za fizi, awiriwo amaunika njira zimene iye angathe, mpaka atatsimikiza imodzi: Lachiwiri m'mawa apita kukaonana ndi aphunzitsi aakulu kukapempha kulipira pang'onopang'ono. Sabata yotsatira amabweranso kudzanena mmene zayendera. Amakumana mpaka kasanu ndi kamodzi. Amene akuonetsa zoti angadziphe, agogo sakhala naye okha, amamupereka kwa namwino kapena kwa oyang'anira ntchitoyo tsiku lomwelo.

Odwala akamaliza amalowa m'magulu otchedwa Circle Kubatana Tose, kumene amachezerana uku akuluka zikwama za mapepala a pulasitiki otayidwa kuti azigulitsa. Zimenezi zidabwera chifukwa agogowo adaona kuti nkhawa zambiri za ku Mbare zili ndi dzina limodzi, umphawi.

Zaka zoyambirira zinali za usiwa. Mu 2008 ndalama ya Zimbabwe idasanduka mapepala, zipatala zikuluzikulu zidatseka mawodi, ndipo kolera imene idabuka chaka chimenecho idapha anthu oposa 4,000 pofika mu 2009. Benchi idapitirirabe chifukwa sinkadalira magetsi kapena mankhwala ochokera kunja. Mu 2011 gululo lidasindikiza zotsatira zoyamba za ku Mbare, ndipo zinali zolimbikitsa. Koma asayansi sakhutira ndi nkhani yokoma. Munthu wovutika maganizo nthawi zina amapeza bwino yekha pakapita miyezi, ndiye ungadziwe bwanji kuti wachiritsa ndi gogo? Pankafunika kuyesa kwenikweni, koyerekeza magulu awiri, ndipo kumeneko n'kodula.

Ndalama zake zidachokera ku Grand Challenges Canada, bungwe limene limalandira chuma kuchokera ku boma la Canada. Ofufuza adatenga zipatala 24 za mu Harare n'kuzigawa mwa maere: 12 zokhala ndi benchi, 12 zopereka chithandizo cha nthawi zonse chowonjezeredwa pang'ono, monga kuonedwa ndi namwino, kufotokozeredwa za matendawa ndi kupatsidwa mankhwala ngati pafunika. Anthu 573 adalowa m'kafukufukuyu. Zotsatira zidatuluka mu December 2016 m'magazini ya madokotala a ku America yotchedwa JAMA. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu amene sadakhale pa benchi, pafupifupi 50 pa 100 aliwonse anali akadali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa. Mwa amene adacheza ndi agogo, anali 14 okha pa 100. Oganiza zodzipha anali 12 pa 100 mbali ina, 2 pa 100 mbali ya benchi. Kusiyana kotere sikupezekapezeka ngakhale pa kafukufuku wa mapiritsi.

Apa ndiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa ndi pamene pali phata la nkhani ya ndalama za boma. Kampani yopanga mankhwala imalipira kafukufuku chifukwa pamapeto pake idzagulitsa piritsi. Pa benchi palibe chogulitsa. Palibe wabizinesi amene angataye mamiliyoni kuti atsimikize zoti gogo womvetsera bwino amachiritsa, poti sangamuike gogoyo m'botolo. Nzeru ya mtundu umenewu imabadwa pokhapokha anthu wamba, kudzera m'misonkho, atavomera kulipira funso limene yankho lake lidzakhala la aliyense. Wolipira msonkho wa ku Toronto adalipira ofufuza. Wolipira msonkho wa malo ku Harare ndiye ankalipira kangachepe ka agogowo kudzera ku khonsolo. Popanda mbali ziwirizi, Friendship Bench ikadangokhala nthano ya dokotala wachifundo.

Chaka chomwecho cha 2016, Grand Challenges Canada idaperekanso madola a ku Canada 1 miliyoni kuti ntchitoyi ikule, ndipo idafika m'zipatala 72 za m'mizinda itatu: Harare, Chitungwiza ndi Gweru. Umu ndi mmene benchi idalowera ku Midlands. Gweru ndi likulu la chigawochi, ndipo misewu ya ku Shurugwi, Zvishavane ndi Kwekwe imakumana pomwepo. Bungweli lidachita chinthu chimene mabungwe ambiri amachiopa: lidabwereranso kukadziyesa lokha. Ndi ndalama za boma la Britain kudzera ku Medical Research Council, Verhey ndi anzake adaunika zipatala 36 za m'mizinda itatuyo kuti aone ngati zimene zidatheka ofufuza ali pompo zikuchitikabe iwo atachoka. Adapeza kuti si paliponse. Zipatala zing'onozing'ono zinkafikira gawo lalikulu la odwala awo kuposa zikuluzikulu, ndipo ngakhale mwa zing'onozing'onozo, ambiri oyenera thandizo sankafika pa benchi. Aliyense amene adaimapo pamzere wa chipatala cha m'tauni amvetsa: namwino mmodzi, odwala mazana, nthawi yofunsa mafunso 14 ichokera kuti?

Tsopano tione dera limene benchi idafikako. Migodi ya Shabanie ndi Mashaba idalandidwa ndi boma kwa mwini wake Mutumwa Mawere mu 2004, ndipo patangopita zaka zochepa idaima, antchito ake n'kutsala m'nyumba za kampani akudikira malipiro a zaka. Ng'anjo za Ziscosteel ku Redcliff zidazima mu 2008, ndipo mgwirizano wa 2011 ndi kampani ya Essar ya ku India, umene anthu ankati uukitsa fakitaleyo, udafera m'mazira. Migodi ikuluikulu yamoyo ilipo, monga Unki pafupi ndi Shurugwi ndi Mimosa pafupi ndi Zvishavane, yokumba platinamu, koma singalembe aliyense. Otsalawo adalowa m'maenje. Kumeneko amawatcha makorokoza, okumba golide ndi manja, ndipo ngakhale boma lidawagwira zikwizikwi kuyambira kumapeto kwa 2006 pa Operation Chikorokoza Chapera, sadathe, adangochuluka. Mu February 2019 madzi adasefukira m'maenje a ku Battlefields, pakati pa Kadoma ndi Kwekwe, anthu oposa 20 n'kufera pansi. Cha m'ma 2019 ndi 2020 dziko lonse linkanjenjemera ndi magulu a zikwanje amene anthu adawapatsa dzina la tauni ya Shurugwi. Mu March 2023 pansi pa kalasi ya sukulu ya pulaimale ya Globe and Phoenix ku Kwekwe padagumuka ana ali mkati, chifukwa pansi pake panali patakumbidwa. Onjezanipo mutoriro, mankhwala ozunguza bongo amene anyamata ena amasuta kuti asagone ndi kuti asaope mdima wa pansi.

Kwa a mtundu wathu pali katundu winanso. Lamulo la unzika la 2001 lidachititsa ana ndi zidzukulu zambiri za Amalawi, Azambia ndi Amozambiki kukhala alendo m'dziko lobadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene makolo awo ndi a m'maiko a SADC, koma lipoti la Amnesty International la 2021 lidaonetsa kuti ambiri akadalibe kalata yobadwira kapena chiphaso. Wopanda chiphaso salembedwa ntchito ku Mimosa, salemba mayeso a boma, ndipo komboni ikagulitsidwa alibe munda wothawirako.

Ndiye pali funso limene okonda Friendship Bench sakonda kulimva. Mwa anthu 573 a kafukufuku wotchuka uja, 86 pa 100 aliwonse anali akazi, ndipo oposa 40 pa 100 anali ndi kachilombo ka HIV. Onse anali a mu Harare, ndipo onse adapezeka chifukwa adabwera okha kuchipatala. Umboni wake ndi wolimba, koma ndi umboni wa amayi a m'tauni obwera ku chipatala cha khonsolo. Mnyamata wa m'maenje a ku Shurugwi safika kumeneko pokhapokha atathyoka mwendo kapena chifuwa chitamugwetsa. Ndipo ziwerengero za World Health Organization, monganso za apolisi a kuno ku Malawi, zimanena chimodzimodzi chaka ndi chaka: odzipha ambiri ndi amuna. Kodi mwamuna amene waona mnzake akukwiririka angakhale pansi ndi gogo masana, anzake akuona, n'kunena kuti usiku sagona? Mwina angatero, popeza ambiri mwa iwo adaleredwa ndi agogo. Mwinanso pafunika mkulu wopuma ntchito ya mumgodi, wodziwa fungo la pansi, kapena shehe, kapena mkulu wa kudambwe. Kuganizira kokha sikungayankhe. Mafunso otere amayankhidwa monga lidayankhidwira la ku Mbare, poyesa ndi kuwerenga.

Palinso chovuta china chimene ku Mbare kunalibe. Okumba golide amagwiritsa ntchito mercury, amene amamuwotcha n'kupuma utsi wake. Kafukufuku wa ku Kadoma wa mu 2004, wochitika pansi pa United Nations, adapeza okumba ambiri ali ndi zizindikiro za poizoni ameneyu. Mercury amawononga ubongo: manja amanjenjemera, munthu amaiwalaiwala, amasowa tulo, amapsa mtima msanga. Yerekezani ndi mafunso 14 aja, muona kuti zina n'zofanana. Gogo wa ku Kwekwe akhoza kukhala masabata asanu ndi limodzi akumasula mavuto a munthu amene vuto lake lina lili m'magazi. Za mapapo a anthu omwewa zidafufuzidwa bwino: Dr Dingani Moyo ndi anzake, poyeza okumba a ku Midlands ndi Matabeleland South, adapeza kuti woposa mmodzi mwa khumi aliwonse ali ndi matenda a fumbi la miyala m'mapapo. Zidatheka chifukwa ndalama za TB ndi Edzi zinalipo, ndipo oyeza adawatsatira anthuwo komwe ali.

Apa ndi pamene ndalama zobwera zimaonetsa malire ake. Wopereka ndiye amasankha funso. Kwa zaka makumi awiri thumba lalikulu la zaumoyo m'chigawo chino cha Africa lakhala la Edzi, choncho kafukufuku wambiri wa benchi wakhala wa anthu a pa ma ARV. Wina wotere adachitikira kumidzi ya ku Bikita m'chigawo cha Masvingo, ndipo zotsatira zake, zimene zidatuluka mu 2023, zidati benchi idachepetsa kuvutika maganizo koma sidasinthe kamwedwe ka mankhwala kapena kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Ofufuza adasindikiza zimenezi osabisa, ndipo n'zoyamikika. Koma funso loti benchi ithandize ARV lidachokera kwa eni ndalama. Funso la wokumba golide lilibe mwini thumba.

Pakadali pano bungweli lakula kwambiri. Lili ndi nthambi ya achinyamata, imene ophunzira a m'mayunivesite amacheza ndi anzawo. Mliri wa Covid-19 utatseka anthu m'nyumba mu 2020, lidayamba kuthandiza pa foni ndi pa WhatsApp. Unduna wa Zaumoyo wa Zimbabwe udalilandira, ndipo lafalikira m'zigawo zonse khumi za dzikolo. Mabenchi adafika ku New York, ku Zanzibar, ku Kenya ndi ku Vietnam, ndipo pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2022 ku Qatar adaikako 32, timu iliyonse yake. Mu 2025 Chibanda adatulutsa buku lofotokoza mbiri ya agogo 14 aja. Kunena zoona, benchi ya ku Doha yojambulitsirapo zithunzi ndi ya ku Mkoba mu Gweru n'zosiyana. Imene ili ndi ntchito ndi imene pakhala munthu wophunzitsidwa, wolipidwa ndi woyang'aniridwa.

Ife a ku Malawi tidadyako kale zipatso za ntchitoyi. Cha m'ma 2015 kudakhazikitsidwa African Mental Health Research Initiative, motsogozedwa ndi Chibanda pa University of Zimbabwe, ndi thandizo la Wellcome Trust ndi boma la Britain, kuti iphunzitse ofufuza a ku Zimbabwe, Ethiopia, South Africa ndi Malawi, kudzera ku College of Medicine ya ku Blantyre. Njira ya benchi idayesedwa m'zipatala za ma ARV za mu Lilongwe mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo ndi UNC Project, kenaka m'zipatala khumi za maboma pakati pa odwala shuga ndi BP, ndi ndalama za boma la America kudzera ku National Institute of Mental Health. Dziko limene kwa zaka zambiri linkangodalira Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu lidapeza poyambira. Koma onani mndandanda wa olipira: Canada, Britain, America. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo chaka cha 2025 chidationetsa mmene thandizo la kunja limazimiririra usiku umodzi.

Chigawo cha Midlands si chosauka. Platinamu, golide, chrome ndi dayamondi wa ku Murowa zimatuluka m'nthaka yake tsiku ndi tsiku, ndipo boma limatolera msonkho pa zonsezi, ngakhale pa golide wa makorokoza amene amagulitsidwa ku kampani yogula golide ya Fidelity. Midlands State University ili pa Gweru pomwepo, ili ndi nthambi ku Zvishavane, ndipo imaphunzitsa za maganizo a anthu. Zida zoyesera zilipo kale, zidalipiridwa ndi ena. Chotsala ndi chakuti kagawo ka msonkho wa m'migodi kalipire kafukufuku wofanana ndi wa 2016, koma wochitikira pa chigayo cha miyala ndi pakamwa pa dzenje, pakati pa amuna, m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chichewa cha m'komboni. Kuno kwathu funso lomwelo likutidikira. Tidaona kale mabanja akugwa pamene mgodi wa Kayelekera ku Karonga udaima mu 2014, anyamata akukumba golide ku Makanjira, ndipo maso a boma ali pa Kangankunde ndi pa Kasiya. Aphungu athu akamakambirana za phindu la migodi imeneyi, aikepo mzere wa thanzi la m'maganizo a okumba ndi mabanja awo, mgodi usanatsegulidwe.

Inu amene muli ndi achibale ku Kwekwe, ku Redcliff, ku Shurugwi kapena ku Zvishavane, mukamaimbirana foni musamangofunsa za maliro ndi za ndalama. Mukamva kuti malume sakugona, kapena kuti mphwanu wasiya kulankhula ndi anthu, muwauze akafunse pa chipatala cha khonsolo chimene ali nacho pafupi ngati pali Friendship Bench. Kucheza ndi agogo pa benchi salipiritsa.